"Talandira" si "mwalembedwa": lipoti la imelo yotsimikizira pempho lolembetsa voti ku Britain

Munthu akadina batani lomaliza pa fomu ya boma, amatsala ndi mafunso atatu: kodi zapita, nanga ine ndichitenso chiyani, ndipo ndidzamva liti. Maimelo ambiri otsimikizira amayankha funso loyamba lokha, mwaulemu ndithu, n'kusiya awiri enawo ali m'malere. Lipotili likutenga ntchito imodzi yeniyeni, yolembetsa m'kaundula wa zisankho ku England, Scotland ndi Wales, n'kuonetsa pomwe imelo yotereyi ingasokeretse munthu, chifukwa chake, ndi momwe tingaimangire kuti woiwerenga aitseke akudziwa chochita. Ntchitoyi ndi yoyenera kuphunzirapo chifukwa kulakwitsa kwake sikubwezeka. Tsiku lotseka kaundula likadutsa, munthu amene ankaganiza kuti adalembedwa kale saponya voti, ndipo palibe kupepesa komwe kungamubwezere mwayiwo.

Momwe pempho limayendera

Kulembetsa pa intaneti kudayamba mu Juni 2014 ku England ndi Wales, ndipo Scotland idatsatira mu Seputembala chaka chomwecho. Kale mwini khomo ndiye ankalemba mayina a onse a m'nyumba mwake pa fomu imodzi. Kuyambira pamenepo aliyense amadzilembetsa yekha. Fomuyo ili pa GOV.UK, tsamba la pa intaneti la boma la Britain, ndipo imatenga mphindi ngati 5. Imafunsa dzina, adiresi, tsiku lobadwa, unzika ndi nambala ya National Insurance, yomwe boma limazindikirira munthu pa nkhani za msonkho ndi penshoni. Nzika za mayiko a Commonwealth zomwe zili ndi chilolezo chokhala ku Britain zili ndi ufulu wolembetsa, choncho Mmalawi, Mzambia kapena munthu wa ku Mozambique wokhala ku Leicester kapena ku Glasgow movomerezeka amadzaza fomu yomweyi. Nzika za Zimbabwe nazonso zidakali ndi ufuluwu ngakhale dzikolo lidatuluka mu Commonwealth mu 2003.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti tsambalo sililemba munthu m'kaundula. Limangolandira n'kupatsira. Kulibe kaundula mmodzi wa dziko lonse. Dera lililonse lili ndi mkulu wake wolembetsa ovota amene amasunga kaundula wa deralo, ndipo ndi iyeyo amene amagamula. Ku England ndi Wales mkuluyu amakhala kukhonsolo; m'madera ambiri a Scotland ntchitoyi ili m'manja mwa ofesi yowerengera mtengo wa nyumba ndi malo, ofesi yomwe munthu wamba sangaiganizire n'komwe kuti ikukhudzana ndi voti yake.

Pempho likachoka pa tsambalo, dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ija amaziyerekeza ndi zomwe nthambi ya boma yoona za ntchito ndi penshoni, yotchedwa DWP, ili nazo. Zotsatira zimapita ku ofesi ya zisankho ya dera. Zikagwirizana, ofesiyo imadikira masiku 5 ogwira ntchito omwe lamulo limapereka kuti wina atsutse pempholo ngati ali ndi chifukwa, kenako imagamula. Zikapanda kugwirizana, mwina chifukwa dzina lidasintha paukwati kapena nambala idalembedwa molakwika, ofesiyo imafufuza m'mabuku ena omwe ili nawo. Ikalephera, imalembera mwini pempho kuti atumize umboni monga pasipoti. Wopanda mapepala otero amatha kupempha munthu wina wolembedwa kale m'kaundula kuti amuchitire umboni molemba.

Apa n'pomwe pagona vuto. Amene akutumiza imelo yoyamba si amene adzagamule, ndipo pakati pa awiriwa pali masiku omwe boma limangoti zii.

Zomwe zimalakwika m'masiku a zii

Anthu amagawika m'magulu atatu. Loyamba ndi la amene amawerenga mawu oti "chitsimikizo" n'kuganiza kuti zatha. Kalata yopempha umboni ikabwera patapita sabata, amaiyesa kapepala ka khonsolo kosafunika, kapena saitsegula n'komwe. Pempho lawo limafera panjira iwo ali phee.

Gulu lachiwiri ndi la amene amadikira masiku atatu kapena anayi, osamva kanthu, n'kudzazanso fomu. Ku England, Scotland ndi Wales kulibe tsamba lomwe munthu angalowepo kuti aone ngati dzina lake lili m'kaundula. Njira yake ndi kufunsa ku ofesi ya dera basi. Wokayika amangoti ndilembetsenso, palibe chomwe nditaye. Iye sataya kanthudi, koma ofesi imataya, chifukwa pempho lobwereza lililonse limafuna wantchito alione, aliyerekeze ndi lomwe lilipo kale, kenako alichotse. Bungwe loyang'anira zisankho la Electoral Commission lidapeza kuti pa chisankho cha aphungu cha mu Disembala 2019, pafupifupi limodzi mwa mapempho atatu aliwonse linali lobwereza. Tisanamizane, imelo si gwero lokhalo la zimenezi. Ambiri mwa obwerezawo adalembedwa kalekale ndipo amangotsatira kampeni zowakumbutsa kulembetsa. Koma gawo la amene amabwereza chifukwa sanauzidwe kuti adikire mpaka liti, limenelo imelo ingalichepetse.

Gulu lachitatu limaimba foni, ndipo limaimba msanga, pempho lisanafike n'komwe pa siteji yomwe wantchito angayankhepo kanthu. Wolandira foniyo ndi yemwe uja amayenera kukhala akukonza mapempho. Mzere umatalika, mayankho amachedwa, ndipo kuchedwako kumabala mafoni ena.

Imelo yofooka ndi imelo yolimba

Zitsanzo ziwirizi n'zongoyerekeza, zolembedwa m'Chichewa kuti kamangidwe kake kaoneke bwino. Mawu ali m'mikutiramawu iwiriiwiri ndi mipata yomwe makina amadzaza okha ndi dzina, nambala kapena deti la munthu aliyense, monga zimakhalira mu GOV.UK Notify, chida chomwe maofesi ambiri a boma la Britain amatumizira maimelo, mauthenga a pafoni ndi makalata.

Yofooka:

Mutu: Chitsimikizo cha pempho lanu

Zikomo chifukwa chogwiritsa ntchito tsamba lathu. Pempho lanu latheka bwinobwino ndipo latumizidwa kwa oyenerera. Nambala yanu ndi ((nambala)). Mudzadziwitsidwa posachedwa. Musayankhe imeloyi.

Mulibe bodza m'menemu, koma chiganizo chilichonse chikutsegula mpata wosokera. "Latheka bwinobwino" akumveka ngati munthu walembedwa. "Kwa oyenerera" sakutchula aliyense, ndiye kalata ya ofesi ya dera ikabwera, woilandira sailumikiza ndi pempho lake. "Posachedwa" kwa wina ndi mawa, kwa wina ndi mwezi wamawa. "Mudzadziwitsidwa" sakunena amene adzalembe, kapena ngati idzakhale kalata ya papositi, imelo kapena foni. Ndipo "musayankhe imeloyi" akutseka khomo popanda kuloza lina.

Yolimba:

Mutu: Talandira pempho lanu, koma simunalowe m'kaundula wa zisankho

A ((dzina)),

Talandira pempho lanu lolembetsa voti. Simunalembedwe m'kaundula. Mudzalembedwa ofesi ya zisankho ya ((dera)) ikavomereza pempholi.

Nambala ya pempho lanu ndi ((nambala)).

Zomwe zichitike tsopano

Ofesi ya zisankho ya ((dera)) ikulemberani kalata kapena imelo pofika ((deti)). Idzakuuzani kuti mwalembedwa, kapena idzakupemphani umboni wina monga pasipoti.

Pakalipano palibe chomwe muyenera kuchita. Musadzazenso fomu ina, chifukwa sizifulumizitsa pempho lanu.

Mukapanda kumva kanthu pofika ((deti))

Imbani foni ku ofesiyo pa ((foni)), Lolemba mpaka Lachisanu, ((maola)). Atchulireni nambala ya pempho lanu.

Yachiwiriyi ndi yotalikirapo, ndipo zimenezo si vuto. Kufupikitsa imelo pochotsa deti ndi nambala ya foni n'kusamutsira ntchito kwa wowerenga.

Mutu ndi mizere itatu yoyamba

Pa foni ya m'manja, m'ndandanda wa maimelo mumaoneka dzina la wotumiza, mawu ochepa a mutu ndi kachidutswa ka mzere woyamba. Anthu ambiri amathera pomwepo. N'chifukwa chake moni wautali ndi kuthokoza siziyenera kutenga malo amenewa. Poyambirira paikidwe pomwe pempho lafika, ndipo ngati chinthu chachikulu sichinachitike, chitchulidwe kuti sichinachitike. Olemba ena amaopa mawu oti "simunalembedwe" poganiza kuti akhumudwitsa munthu amene wangochita zabwino. Kukhumudwa kwa mphindi imodziko n'kochepa poyerekeza ndi kubwezedwa pa malo oponyera voti. Akulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Pempho ndi fodya wapachala, ndipo imelo iyenera kunena zimenezo poyera.

Imelo isatsutsanenso ndi tsamba lomaliza lomwe munthu waona atangotumiza fomu. Malangizo a boma a kamangidwe ka masamba ake, otchedwa GOV.UK Design System, amati tsamba lotsimikizira likhale ndi bokosi lobiriwira pamwamba, nambala ya pempho ngati ilipo, kufotokoza zomwe zichitike ndi nthawi yake pansi pa mutu woti "What happens next", njira yolumikizirana ndi ofesi, ndi njira yosungira umboni wa zomwe zachitika. Bokosi lobiriwira limauza maso kuti zatha munthu asanawerenge liwu limodzi. Pa ntchito ngati iyi, pomwe chigamulo chili m'tsogolo, mawu a m'bokosimo anene kuti pempho latumizidwa kapena lalandiridwa, osati latha. Mawu omwewo abwerezedwe mu imelo ndendende. Tsamba likati "latumizidwa" imelo n'kuti "lavomerezedwa", munthu amakhulupirira chomwe chikumukomera.

Deti, osati chiwerengero cha masiku

Apa ndipo pali phindu lalikulu, komanso ndipo magulu ambiri okonza maimelowa amachita ulesi. Tiyerekeze kuti ofesi imalonjeza kuyankha m'masiku 10 ogwira ntchito. Munthu watumiza pempho Lachisanu pa 22 Ogasiti 2025. Iye akawerenga masiku pa kalendala amafika pa 1 Seputembala, ndipo tsiku limenelo amayamba kuda nkhawa. Koma Loweruka ndi Lamlungu sawerengedwa, ndipo ku England ndi Wales Lolemba pa 25 Ogasiti linali tchuthi cha boma. Tsiku la 10 logwira ntchito likugwera Lolemba pa 8 Seputembala. Ku Scotland tchuthi cha chilimwecho chimakhala Lolemba loyamba la Ogasiti, ndiye pempho la tsiku lomwelo likufika pa tsiku la 10 Lachisanu pa 5 Seputembala. Chiganizo chimodzi, madeti atatu. Kusiyana kwa deti la munthuyo ndi deti lenileni ndi sabata yathunthu, ndipo sabata imeneyo ndi yomwe amaimba foni kapena kudzazanso fomu.

Makina ndiwo awerenge, osati munthu. GOV.UK imafalitsa ndandanda wa masiku a tchuthi a England ndi Wales, Scotland, ndi Northern Ireland m'njira yomwe pulogalamu ingawerenge yokha, choncho palibe chifukwa choti wina azilemba madetiwo pamanja chaka ndi chaka. Zomwe gulu lokonza imelo liyenera kugwirizana lisanalembe pulogalamuyo ndi izi: kodi tsiku lotumiza likuwerengedwa ngati loyamba kapena ayi, pempho lofika usiku kapena Loweruka likuyambira liti, ndipo ngati yankho likupita pa positi, muwonjezere masiku angati kuti kalata ifike pakhomo. Deti lomwe munthu akupatsidwa likhale lomwe kalata idzakhale itafika m'manja mwake, osati lomwe idzachoke mu ofesi.

Deti lilembedwe lonse, ndi dzina la tsiku ndi dzina la mwezi: Lolemba pa 8 Seputembala 2025. Kulemba 08/09 kumasokoneza amene adazolowera kuyamba ndi mwezi. Ndipo deti lomwelo lioneke kawiri, pa lonjezo ndi pa mutu wa chochita likadutsa. Kubwerezako n'kwadala, chifukwa munthu amene adzatsegulenso imeloyi patapita milungu iwiri adzakhala akufunafuna gawo lachiwirilo.

"Palibe chomwe muyenera kuchita" ndi langizo ndithu

Olemba ambiri amaona ngati chiganizochi n'chopanda pake, poti ngati palibe chochita bwanji kutchula. Koma imelo yomwe sinanene kanthu pa zochita, munthu amaiwerenga ngati yaiwala kunena, ndipo amadzipezera yekha chochita. Kumuuza kuti adikire, mpaka liti, ndi kuti kudzazanso fomu sikuthandiza, n'kumupatsa ntchito yomveka. Chifukwa chake chitchulidwe m'mawu ochepa, poti kuletsa kopanda chifukwa anthu sakumvera.

Pakakhala chochita chenicheni, mawu asiyanitse chokakamiza ndi chosankha. Kalembedwe ka GOV.UK kamasungira liwu loti "must" zinthu zomwe lamulo likufuna. M'Chichewa kusiyanaku kuli pakati pa "muyenera" ndi "mungathe". Mukati "muyenera" pa chilichonse, liwulo limatha mphamvu, ndipo tsiku lomwe mudzalifune pa umboni womwe pempho lingafe ukapanda kutumizidwa, silidzamvekanso. Kalembedwe komweko kamalimbikitsa kuti chiganizo chopitirira mawu 25 chigawidwe, ndi kuti zolemba zikhale zoti mwana wa zaka 9 angamve. Si kupeputsa akuluakulu ayi. Munthu wowerenga ali m'basi, kapena wowerenga m'chilankhulo chomwe si chake, amafuna chiganizo chomwe sichimubweza m'mbuyo.

Chochita chachikulu chikhale chimodzi. Imelo yotsimikizira imakopa aliyense mu ofesi kuti aikemo kake: wina akufuna linki ya kafukufuku, wina chenjezo la zinsinsi, wina uthenga wa ntchito ina ya khonsolo. Chilichonse chowonjezera chimakankhira deti pansi. Chomwe sichikuthandiza munthu pa sitepe yotsatira chipite kumapeto kapena chichotsedwe.

Kutchula amene adzalembe

Maimelo otumizidwa kudzera mu Notify amachokera ku adiresi yothera ndi notifications.service.gov.uk. Kalata kapena imelo yotsatira imachokera ku ofesi ya dera, ili ndi dzina lina, chizindikiro china, adiresi ina. Kwa munthu amene waphunzitsidwa kukayikira uthenga uliwonse wopempha pasipoti, imeneyo ikuoneka ngati ya akuba, ndipo kukayika kwakeko n'kwanzeru. Njira yokhayo yomuthandizira ndi kumuuziratu mu imelo yoyamba dzina lenileni la ofesi yomwe idzamulembere ndi zomwe ingapemphe. Dzinalo lilembedwe monga lidzaonekere pa kalatayo. Ngati ofesi ya ku Scotland idzalembe pansi pa dzina la bungwe lowerengera mtengo wa malo, imelo isangoti "khonsolo yanu".

Ndandanda wa maofesi, mafoni awo ndi maola awo ndi chinthu chomwe chimaola msanga. Makhonsolo amaphatikizidwa, manambala amasintha, maofesi ena amatseka masana. Pakhale munthu mmodzi wodziwika amene ntchito yake ndi kuunika ndandandawu pa nthawi yoikika, makamaka chisankho chikayandikira. Nambala yakufa mu imelo ya boma imaononga chikhulupiriro kuposa kusaika nambala n'komwe.

Notify imalola kuika adiresi yomwe mayankho a anthu azipita. Anthu amayankha maimelo ngakhale mutawaletsa, ndipo ena amatumiza zithunzi za mapasipoti awo m'mayankhomo. Ngati bokosilo palibe woliyang'ana, imelo inene mosabisa kuti mayankho sawerengedwa, ndipo mzere wotsatira pomwepo upereke njira yomwe ikugwira ntchito.

Pa malinki, ochepa ndiwo abwino. Alembedwe athunthu kuti munthu aone kuti akuthera ndi gov.uk, asafupikitsidwe, ndipo asapite ku tsamba lopempha mawu achinsinsi kapena nambala ya kubanki. Imelo ya boma yomwe ikuchita zomwe akuba amachita ikuphunzitsa anthu kudina mosaganiza. Mzere umodzi wonena zomwe ofesi sidzapempha konse ndi wokwanira. Ku Britain maimelo okayikitsa amatumizidwa ku report@phishing.gov.uk, ndipo mauthenga a pafoni ku 7726.

Anthu osiyana, mizere yosiyana

Si onse ali pa njira imodzi. Amene sanapereke nambala ya National Insurance ali ndi mwayi waukulu wopemphedwa umboni, ndiye imelo yake imuuze kuti akonzeretu pasipoti kapena chiphaso china. Wa zaka 16 ku England angalembetse koma saponya voti mpaka atakwana 18, ndipo akapanda kuuzidwa adzayembekeza khadi loitanira kuvoti lomwe silidzabwera. Notify imalola kuika chiganizo chomwe chimaoneka kwa ena okha: mumalemba dzina la mpata, zizindikiro ziwiri za funso, kenako chiganizocho, ndipo makina amachionetsa pokhapokha yankho la munthuyo likhale loti inde. Izi n'zabwino kuposa kulemba "ngati muli wotere chitani ichi, ngati muli wotere chitani icho", chifukwa pamenepo mukupempha munthu kuti asankhe yekha gulu lake pomwe fomu yake yakuuzani kale.

Chenjezo ndi loti mipata yotereyi imachulukitsa mitundu ya imelo mwakachetechete. Mipata itatu ya inde kapena ayi imabala mitundu 8, isanu imabala 32. Mtundu uliwonse uyenera kuwerengedwa ndi maso a munthu, poti ziganizo ziwiri zomwe zili bwino pazokha zimatha kutsutsana zikakumana, monga "palibe chomwe muyenera kuchita" ndi "konzani pasipoti yanu". Ikapitirira inayi, ndi bwino kupanga matempuleti osiyana, kutanthauza maimelo olembedweratu a gulu lililonse palokha.

Chisankho chikayandikira

Nthawi imeneyi imelo yomweyo siyikwananso. Kaundula amatsekedwa patatsala masiku 12 ogwira ntchito kuti voti ichitike. Pa chisankho cha aphungu cha pa 4 Julayi 2024, kulembetsa kudatha pakati pa usiku pa 18 Juni, kupempha kuvota pa positi kudatha 5 koloko madzulo pa 19 Juni, ndipo kupempha chiphaso chaulere cha ovota opanda chiphaso cha chithunzi, chotchedwa Voter Authority Certificate, kudatha 5 koloko madzulo pa 26 Juni. Munthu amene adalembetsa usiku wa pa 18 anali ndi maola osakwana 24 oti apemphe voti ya pa positi. Akadikira kalata yovomereza kaye, tsikulo limupita. Apa "dikirani" yekha ndi langizo lolakwika, ndipo imelo iyenera kunena kuti mapempho enawo angatumizidwe nthawi yomweyo osadikira yankho.

Funso la munthu limasinthanso. Safunanso kudziwa kuti adzamva liti, akufuna kudziwa ngati avota. Imelo ya pempho lofika nthawi isanathe inene kuti lafika pa nthawi yake ya chisankho cha deti lakuti, ndi kuti akapemphedwa umboni autumize msanga. Ya pempho lofika mochedwa inene pamwamba penipeni kuti silimuthandiza pa chisankhochi koma lidzagwira pa zotsatira. Kubisa zimenezi pansi n'kumutumiza munthu ku malo oponyera voti kuti akachite manyazi.

Za chiphaso cha chithunzi zimafuna kusamala, chifukwa lamulo la Elections Act 2022 silikhudza zisankho zonse mofanana. Chimafunika pa zisankho za aphungu a Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster ndi za makhonsolo a ku England, koma osati pa za makhonsolo a ku Scotland ndi Wales. Pasipoti ya dziko la Commonwealth imaloledwa, ngakhale yotha nthawi, bola chithunzicho chikhale chikufanana ndi mwini wake. Chiganizo chimodzi cha dziko lonse chingalakwire ena, ndiye mzerewu utsatire adiresi ya munthu.

Matempuleti a nthawi ya chisankho akonzedwe ndi kuyesedwa kale, osati usiku wa tsiku lotseka. Usiku umenewo ndiwo anthu amakhamukira pa tsamba. Pa 7 Juni 2016, maola ochepa kaundula wa referendamu yoti Britain ituluke kapena ikhalebe m'mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya wa EU asanatsekedwe, tsambalo lidalephera chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, mpaka boma lidawonjezera nthawi kufika pa 9 Juni. Deti lotsekera likhale mu mpata womwe ungasinthidwe pamalo amodzi, osati lolembedwa m'thupi la matempuleti 10 osiyana.

Uthenga wa pafoni

Ngati pali uthenga wa pafoni wotsagana ndi imelo, munyamule zinthu zitatu zokha: talandira, simunalembedwe, mudzamva pofika deti lakuti. Uthenga umodzi umalowa zilembo 160. Koma chilembo chimodzi chomwe sichili m'ndandanda wa zilembo za mauthenga a pafoni chimatsitsa malirewo kufika pa 70, ndipo uthenga umagawika n'kukwera mtengo. Chilankhulo cha Welsh, chomwe ntchito yolembetsa voti imaperekedwamonso, chili ndi chilembo cha ŵ, chomwe owerenga Chichewa akuchidziwa bwino m'mawu oti Malaŵi. Werengani kutalika kwa uthenga mutaikamo dzina la dera lalitali kwambiri, osati lalifupi.

Kuyesa ndi kuyeza

Musafunse anthu ngati imelo ikumveka, chifukwa ambiri amati inde mwaulemu. Apatseni pa foni ya m'manja, awerenge monga amawerengera masiku onse, kenako itsekeni n'kufunsa: kodi panopa mwalembedwa kapena ayi, mudzamva kwa ndani, liti, ndipo mukapanda kumva mutani. Anthu 5 kapena 6 pa ulendo umodzi amakwanira kuonetsa pomwe mawu akupunthwitsa. Konzani, muyesenso ndi ena. Mwa iwo mukhale amene Chingerezi si chilankhulo chawo choyamba, amene sanavotepo ku Britain, ndi amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yowawerengera mokweza, poti kwa iwo mitu yeniyeni ya zigawo ndi yomwe imawalola kudumphira pa gawo lomwe akufuna. Njira ina yotsika mtengo ndi kusindikiza imeloyo n'kupereka zolembera ziwiri, chobiriwira cha mawu omwe akupatsa munthu chidaliro ndi chofiira cha omwe akumukayikitsa.

Notify imaonetsa ngati imelo yafika kapena yalephera, koma siionetsa ngati munthu waitsegula kapena wadina linki, ndipo zolemba zake imazisunga masiku 7 okha pokhapokha musinthe. Choncho kupambana kumayezedwa ndi zomwe anthu akuchita pambuyo pake. Werengani mapempho obwereza ochokera kwa munthu yemweyo deti lolonjezedwa lisanafike. Werengani mafoni ofunsa pomwe pempho lafika, ndi tsiku lomwe akuimbidwa kuyambira pa kutumiza. Akaunjikana pa tsiku la 10 la pa kalendala, ndiye kuti anthu akuwerenga okha masiku. Werengani gawo la opemphedwa umboni amene autumiza nthawi isanathe. Manambalawa atengedwe kusintha kusanachitike, ndipo musayerekeze mwezi wa chisankho ndi mwezi wamba. Maimelo olephera kufika nawonso ndi anthu: amene walakwitsa chilembo chimodzi mu adiresi yake sadzaona chilichonse mwa izi, ndiye tsamba lomaliza lija liyenera kunyamula uthenga wonse palokha.

Deti likalephereka

Deti lolembedwa mu imelo ndi ngongole ya ofesi ya dera, pomwe wolemba imeloyo nthawi zambiri ali kwina. Lisanalembedwe, maofesiwo afunsidwe kuti mapempho ambiri amatha masiku angati, osati m'sabata yabata yokha komanso m'sabata yotanganidwa, ndipo lonjezo likhazikike pa sabata yotanganidwayo. Kuyankha deti lisanafike sikukwiyitsa munthu.

Mzere ukatalika mpaka detilo kukhala losatheka, pachitike zinthu ziwiri tsiku lomwelo. Chiwerengero cha masiku mu pulogalamu chisinthidwe kuti mapempho atsopano alandire deti loona. Ndipo amene adalonjezedwa kale alandire imelo yachiwiri deti lawo lisanakwane, osati litadutsa, yonena kuti pempho lawo lidakalipo ndipo silinatayike, nambala yake ndi yomweyo, deti latsopano ndi lakuti, ndipo asadzazenso fomu. Tempuleti ya imelo yachiwiriyi ilembedwe pamodzi ndi yoyamba, ivomerezedwe, ndipo adziwike amene ali ndi mphamvu yoitumiza popanda kudikira msonkhano.